Amene ankaganiza ali pakati pa zingwe

Okonda nkhonya tili ndi mkangano umodzi wosatha. Mukangotchula Muhammad Ali, wina akuti Mike Tyson wa mu 1988 akanamugwetsa raundi yachitatu isanathe. Wachikulire pagulupo akuti nonsenu ndinu ana, Joe Louis simukumudziwa. Mnyamata wa foni m'manja naye akuti tsabola wakale sawawa, Tyson Fury akanangowatsamira onsewo ndi chithupi chake chija mpaka miyendo yawo itafooka. Pobalalika, aliyense amanyamula maganizo omwe anabwera nawo.

Mkanganowu si wa lero ayi. Mu 1969 anthu ena ku America anafika mpaka polowetsa mbiri ya Ali ndi ya Rocky Marciano mu kompyuta kuti makina agamule. Anaitana awiriwo, Marciano atatha zaka 13 chisiyireni nkhonya, n'kuwajambula akuyerekeza kumenyana, kenako n'kulumikiza zithunzizo motsatira zimene kompyutayo yanena. Anthu a ku America anaonetsedwa Marciano akupambana m'raundi ya 13. Okonda Marciano anakondwa, okonda Ali anapukusa mitu, mkangano n'kupitirira pomwe unalekera.

Ine funso loti ndani akanamenya mnzake ndinaleka kulitsatira, chifukwa liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo anthu awa sanayambire limodzi. Marciano ankalemera makilogalamu pafupifupi 85. Lero munthu wa thupi limenelo amamuika m'gulu la cruiserweight, la anthu opepukirako kuposa a heavyweight, omwe ndi olemera kwambiri. Fury pokumana koyamba ndi Oleksandr Usyk mu 2024 anakwera pa sikelo ali ndi makilogalamu pafupifupi 119. Nawo maraundi anasintha. Jack Johnson anataya lamba wake kwa Jess Willard ku Havana mu 1915 m'raundi ya 26, pa nkhonya yomwe inakonzedwa kuti ifike maraundi 45. M'masiku a Louis ndi Ali nkhonya yolimbirana lamba inali ya maraundi 15. Duk-koo Kim wa ku South Korea atamwalira chifukwa cha kuvulala pa nkhonya yake ndi Ray Mancini mu Novembala 1982, bungwe loyendetsa nkhonya la WBC linatsitsa maraundi kufika pa 12, mabungwe enawo n'kutsatira pambuyo.

Maraundi atatu amene anachotsedwawo musawaone kuchepa. Mu 1952 Marciano anali m'mbuyo pa makadi a majaji onse atatu pomwe raundi ya 12 inkatha, koma iye anagwetsa Jersey Joe Walcott m'raundi ya 13 n'kupambana. Sugar Ray Leonard naye anali m'mbuyo kwa Thomas Hearns mu 1981, n'kudzamumaliza m'raundi ya 14. Malamulo a lero akanakhalapo kalelo, mbiri ya anthu amenewa bwenzi tikuiwerenga mwina.

Ndiye palinso kuchuluka kwa nkhonya. Mu Febuluwale 1943 Sugar Ray Robinson anagonja kwa Jake LaMotta pa 5, anamenyana ndi Jackie Wilson pa 19, ndipo pa 26 mwezi womwewo anabwererana ndi LaMotta n'kupambana. Posiya nkhonya anali atamenyana maulendo pafupifupi 200. Floyd Mayweather anamenyana maulendo 50 m'zaka 21. Akatswiri a lero ambiri amalowa m'bwalo kawiri pa chaka, ena kamodzi. Ena akale ngakhale kuwaona sitingathe: Harry Greb, munthu yekhayo amene anagonjetsa Gene Tunney, palibe kanema wa nkhonya yake ngakhale imodzi amene anapezeka.

Koma pali chinthu chimodzi chimene chimaoloka zaka zonsezi osasintha, ndipo ndi chimene chimandichititsa kubwereza makanema akale mpaka usiku. Munthu ali pakati pa zingwe, mnzake akufuna kumuthyola chibwano, mpweya ukuchepa, diso likutupa. Kodi pa nthawi imeneyo akuona chiyani? Akachiona, zimamutengera nthawi yaitali bwanji kuti achigwiritse ntchito? Nanga zomwe anakonzekera zikakanika, ali ndi china choti achite? Mafunso amenewa mungamufunse wankhonya wa 1936 ndi wa 2024 mofanana, chifukwa sadalira sikelo kapena kuchuluka kwa maraundi.

Taonani Max Schmeling pa 19 Juni 1936 ku Yankee Stadium. Louis anali ndi zaka 22, asanagonjepo, akugwetsa aliyense. Schmeling anali ndi zaka 30 ndipo ambiri ankati watha ntchito. Koma Mjeremaniyo anali atakhala pansi ndi makanema a Louis, ndipo anaonamo kachizolowezi kakang'ono: Louis akaponya jab, chibakera cholunjika cha dzanja lakutsogolo, dzanja lake lamanzere silinkabwerera pachibwano, linkatsikira m'munsi pang'ono. Kampata kake kanali ka kuphethira kwa diso. Mukaonera nkhonyayo mumuona Schmeling ataima chopendekera kumbuyo, thupi litatsamira mwendo wamanja, dzanja lamanja litakonzeka pafupi ndi tsaya. Jab ya Louis ikubwera, iye akuilandira, kenako lamanja lija likudutsa pamwamba pa mkono wa Louis. M'raundi yachinayi Louis anagwa pansi koyamba chiyambireni nkhonya ya ndalama. M'raundi ya 12 anagwa osadzukanso.

Chimene chimandigwira mtima pa usiku umenewo n'chakuti kuona mpatawo sikunali kokwanira. Kuti lamanja lake lifike, Schmeling ankayenera kuima pomwe jab ya Louis ikufika, ndipo diso lake lamanzere linatupa mpaka kutsekeka. Anthu ambiri kunja kwa zingwe akanatha kuona zomwe iye anaona. Kulolera kumenyedwa kakhumi kuti uponye kamodzi pamalo oyenera, osataya mtima, imeneyo ndiye nzeru ya m'bwalo. Si ya m'maso mokha, imafuna chiwindi.

Louis ambiri amamutenga ngati makina oponya zibakera basi, koma ine ndimamuwerengera pakati pa anzeru, kungoti nzeru yake inkabwera mochedwerapo. Pa usiku woyamba wochenjera ankatha kumuzunguza. Ulendo wachiwiri, ayi. Mu 1938, dziko lonse likumvetsera chifukwa cha ndale za Hitler, iye ndi mphunzitsi wake Jack Blackburn anapeza yankho lachidule: munthu wodikira mpata usamupatse nthawi yodikira. Schmeling anatha m'masekondi 124. Arturo Godoy anamuvutitsa Louis maraundi 15 mu Febuluwale 1940 pomenyana chowerama, mu Juni chaka chomwecho anathera m'raundi yachisanu ndi chitatu. Walcott anamugwetsa kawiri mu 1947 ndipo ambiri ankati wapambana, mu 1948 anagonekedwa m'raundi ya 11. Munthu yemweyo sankamupusitsa Louis kawiri.

Tsono Ali. Apa ndimasiyana ndi anzanga ambiri. Ali wa 1964 mpaka 1967, wovina uja, ndi amene anthu amamukonda kwambiri, ndipo n'zoona kuti munthu wa thupi lotero sanayambe wathamangapo choncho. Koma zambiri zomwe ankachita ndi zimene mphunzitsi aliyense amaletsa mwana wongoyamba kumene. Manja pansi. Kuzemba chibakera pokokera mutu kumbuyo m'malo mopita kumbali. Kunthiti sankamenyako kawirikawiri. Chinkamupulumutsa ndi changu cha miyendo ndi maso, mphatso yobadwa nayo. Ndipo onani zibakera zomwe zinamugwetsa: Sonny Banks mu 1962, left hook, chibakera chamanzere chobwera chokhota kuchokera kumbali. Henry Cooper ku London mu 1963, left hook. Joe Frazier mu 1971, m'raundi ya 15, left hook. Khomo lomwelo linakhala lotsegula zaka pafupifupi khumi. Eddie Futch, yemwe anali mu kona ya Frazier, anaona kuti Ali akafuna kuponya uppercut yamanja, chibakera chochokera pansi kupita m'mwamba, ankayamba watsitsa dzanjalo, ndipo anamuuza Frazier kuti imeneyo ndiyo nthawi yoponya lamanzere. Futch yemweyo mu 1973 anamuuza Ken Norton kuti Ali akaponya jab naye aponye yake nthawi yomweyo. Norton anapambana, Ali anachoka nsagwada itathyoka.

Ali woganiza anabadwa miyendo itayamba kumukana, atakhala zaka zitatu ndi theka osaloledwa kumenyana chifukwa chokana usilikali. Ndipo usiku wake waukulu unali wa pa 30 Okutobala 1974 ku Kinshasa, cha m'ma 4 koloko m'bandakucha. George Foreman anali ndi zaka 25, atapambana nkhonya 40, ndipo 37 mwa izo mdani sanamve belu lomaliza. Frazier ndi Norton, anthu awiri amene anagonjetsapo Ali, onse anathera m'raundi yachiwiri m'manja mwa Foreman. Ali anali ndi zaka 32 ndipo anauza dziko lonse kuti avina.

Raundi yoyamba ija ndimaibwereza kawirikawiri. Ali sanayambe ndi jab monga aliyense ankayembekezera. Anayamba ndi lamanja lolunjika, popanda chotsogolera. Chibakera chimenecho chimayenda mtunda wautali, chimaoneka chikubwera, ndipo chikaphonya chimakusiya poyera. Palibe amene akanalimba mtima kumuponyera Foreman chotero, n'chifukwa chake Foreman sanachikonzekere, ndipo chinamupeza mobwerezabwereza. Koma m'mphindi zitatu zomwezo Ali anazindikiranso chinthu choipa: Foreman ankadziwa kutseka njira. Akaponda kamodzi, Ali ankayenera kuponda kawiri kapena katatu, pansi pali pofewa, kunja kukutentha. Kuvina maraundi 15 kukanamupha yekha. Dongosolo lomwe analikonzekera miyezi linafera pamenepo, ndipo m'raundi yachiwiri anapita kukatsamira zingwe, malo omwe aliyense ankati ndi manda. Mphunzitsi wake Angelo Dundee ndi anzake mu kona ankakuwa kuti achokepo. Iye sanamvere.

Anthu amaifotokoza nkhaniyi ngati Ali anangoima n'kumamenyedwa mpaka mnzakeyo atatopa. Taonerani bwinobwino. Zingwe zinali zolekerera, ndiye ankagonera kumbuyo mpaka mutu kutuluka kunja, zibakera zopita kumutu n'kumafika zitatha mphamvu kapena kuphonya. Zigongono anazimata kunthiti. Foreman akayandikira, Ali ankamugwira kumbuyo kwa khosi n'kumukokera pansi kuti asenze kulemera kwa anthu awiri, uku akumunong'oneza zomukwiyitsa kuti aponye mwamphamvu koposa. Ndipo raundi ikamapita kumapeto ankatulukira ndi zibakera zolunjika, zachangu, zopita kumaso. M'raundi yachisanu Foreman anaponya zonse zomwe anali nazo, Ali n'kumuyankha m'masekondi omaliza mpaka mutu wa Foreman kugwedera. Wotupa nkhope anali Foreman. Pomwe ankagwa m'raundi yachisanu ndi chitatu, Ali anali kale patsogolo pa makadi onse atatu. Schmeling anatenga miyezi ndi makanema, Louis ankafuna nkhonya yachiwiri, Ali anasintha zonse pa kamphindi kamodzi kopumira pakati pa maraundi awiri, pamaso pa munthu woopsa kuposa onse a nthawi yake.

Koma usiku womwewo unamuphunzitsanso chinthu choopsa: kuti thupi lake lingalandire chilichonse. Anapitiriza kutsamira zingwe pamaso pa anthu amene sankatopa monga Foreman. Kwa Frazier ku Manila mu 1975, kwa Earnie Shavers mu 1977, mpaka kwa Larry Holmes mu 1980, nkhonya yomwe ine sinditha kuionera mpaka kumapeto. Njira yomwe inali yankho la funso limodzi anaisandutsa chizolowezi, ndipo analipira ndi thupi lake.

Nkhani ya Futch ija ikubweretsa funso lina lovuta: nzeru imene tikuiyamikirayo ndi ya wankhonya kapena ya munthu wa thaulo paphewa? Tyson ndiye amene amandiganizitsa kwambiri pamenepa. Amene amati anali wamphamvu chabe sanamuonetsetse. Munthu wamfupi chotero m'gulu la heavyweight, kuti afike pafupi ankayenera kuzemba jab, kulowa chogwedeza mutu, kusuntha phazi n'kutulukira kumbali komwe mdani sakumuona. Cus D'Amato anamuphunzitsa zibakera ndi manambala, ndipo ali mnyamata ankakhalira kuonera makanema akale a manijala wake Jim Jacobs, moti akale ambiri ankawadziwa kuposa ife tonse. Anatenga lamba mu Novembala 1986 ali ndi zaka 20. Koma D'Amato anamwalira mu 1985, Jacobs mu 1988, ndipo mphunzitsi wake Kevin Rooney anachotsedwa chaka chomwecho. Ku Tokyo mu Febuluwale 1990, Buster Douglas anabwera ndi jab yaitali, osaopa, akumukumbatira akangoyandikira. Mu kona ya Tyson munalibe ngakhale kachitsulo kozizira kotsitsira chotupa, ankamuika padiso golovesi ya mphira yothiramo madzi. Tyson anapitiriza kufunafuna chibakera chimodzi. Anachipeza m'raundi yachisanu ndi chitatu, Douglas anadzuka, ndipo m'raundi ya 10 nkhani inatha. Evander Holyfield mu 1996 anaonetsanso zomwezo. Tyson ankaidziwa njira yake mozama kwambiri, koma inali imodzi, ndipo ikatsekedwa panalibe yolambalalira.

N'chifukwa chake ndimakonda kuona wankhonya atakalamba, chifukwa pamenepo mphatso yapita, chatsala ndi zomwe akudziwa. Roy Jones Jr anagonjetsa Bernard Hopkins mu 1993, ndipo kwa zaka khumi panalibe womukhudza. Changu chitachepa pang'ono chabe, Antonio Tarver ndi Glen Johnson anamugoneka onse awiri mu 2004. Hopkins, wamkulu kwa Jones ndi zaka zinayi, anali akutengabe malamba ali ndi zaka 46, 48 mpaka 49. Kumuonera nthawi zina kunkatopetsa, koma ankadziwa kuchedwetsa nkhonya kuti iyende pa liwiro lake, kuponya kamodzi n'kukumbatira, kumulanda mnyamata dzanja lomwe amalidalira.

Naye Foreman anabwerera. Pa 5 Novembala 1994, ali ndi zaka 45, anakumana ndi Michael Moorer wazaka 26, wamanzere, wachangu. Maraundi asanu ndi anayi Moorer ankangomuwaza zibakera ndipo anali patsogolo pa makadi. Mphunzitsi wake Teddy Atlas mu kona ankamuchenjeza mobwereza kuti asaime kutsogolo kwa mkuluyo. Foreman sanapupulume. Ankayenda pang'onopang'ono, akukankha jab yake yolemera, mpaka Moorer anazolowera kuima pomwe sanayenera kuima. M'raundi ya 10 lamanja lalifupi linatera pachibwano. Munthu yemwe ku Kinshasa anawotcha mphamvu zake zonse m'maraundi asanu ndi awiri, patapita zaka 20 anadziwa kudikira.

Mukandikakamiza kutchula dzina limodzi, nditchula Archie Moore. Anayamba nkhonya m'ma 1930, koma mwayi wolimbirana lamba anaupeza mu 1952, ena a msinkhu wake atapuma kale. Anagwetsa anthu oposa 130, osati ndi nyonga zachinyamata koma ndi misampha: kupingasa mikono kutsogolo kwa nkhope, kubisa chibwano kuseri kwa phewa, kusiya dala kampata kuti mdani alowemo. Ku Montreal mu Disembala 1958, ali ndi zaka zoposa 40, Yvon Durelle anamugwetsa katatu m'raundi yoyamba yokha, n'kumugwetsanso m'raundi yachisanu. Moore anadzuka maulendo onsewo, mutu uli mbwee koma manja akudziwa pokhala, anamuwerenga mnzakeyo pang'onopang'ono, n'kumumaliza m'raundi ya 11. Anamenyanapo ndi Marciano, n'kumugwetsa m'raundi yachiwiri asanagonje, anamenyananso ndi Ali ali mnyamata. Foreman atabwerera ku nkhonya ankatchinga ndi mikono yopingasa yomweyo, ndipo Moore anali mmodzi wa omuphunzitsa.

Apa ndi pamene ndimaona kuti mibadwo ya ankhonya siili m'mabokosi osiyana monga mkangano wathu umaiikira. Blackburn, asanaphunzitse Louis, anamenyanapo ndi Joe Gans ndi Sam Langford kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Futch ali mnyamata ku Detroit ankayeserera ndi Louis. Futch yemweyo anadzaphunzitsa Frazier, Norton, Holmes ndi Riddick Bowe, ndipo Freddie Roach, mphunzitsi wa Manny Pacquiao, anakulira m'manja mwake. Ray Arcel, amene anagwirapo ntchito ndi Benny Leonard, ndi yemwe anali mu kona ya Roberto Duran. Duran ambiri amamukumbukira ngati chilombo, koma onerani nkhonya yake yoyamba ndi Sugar Ray Leonard ku Montreal mu 1980. Ali pafupi, chifuwa ndi chifuwa, akugudubuza mutu kuti chibakera chingomupecha, akupanikiza mkono wa mnzake ndi chigongono, akumva ndi thupi komwe chotsatira chichokere. Luso lomenyera pafupi limenelo ndi limene ndikuona kuti likuchepa masiku ano, chifukwa oyimbira ambiri amafulumira kulekanitsa anthu, ndipo silingaphunziridwe pa kanema. Limalowa m'thupi pomenyana kawirikawiri.

Umboni wake ndi Vasyl Lomachenko. Mendulo ziwiri za golide za Olympics, miyendo yodabwitsa, maso akuthwa. Pa nkhonya yake yachiwiri ya ndalama, mu Malichi 2014, anakumana ndi Orlando Salido, munthu wogonjapo kambirimbiri. Salido analephera sikelo, anabwera m'bwalo ali wolemera kwambiri, n'kumamenya m'mimba ndi pansi pa lamba, akukankha ndi mutu ndi mapewa. Zina mwa izo zinali zakuba ndithu. Koma Lomachenko anatenga maraundi ambiri asanapeze chochita, ndipo pomwe ankamupeza Salido m'raundi ya 12 nthawi inali itatha. Anthu onga Salido, Robinson ankakumana nawo mwezi ndi mwezi.

Mayweather ndimupatsa ulemu wake wonse. Pa kusintha nkhonya ili mkati, ochepa amafanana naye m'mbiri yonse. Zab Judah mu 2006 anamuposa changu maraundi oyamba, iye anakweza manja, n'kuyamba kumutsata ndi zibakera za m'mimba. Shane Mosley mu 2010 anamumenya lamanja m'raundi yachiwiri mpaka mawondo kupindika. Mayweather anagwira mkono wa Mosley osausiya mpaka mutu utayera, ndipo kuyambira raundi yachitatu ndi iye amene ankapita kutsogolo. Chimene ndimakana ndi kunena kuti 50 yosagonja ikutanthauza kuti anaposa onse. Gawo lina la nzeru zake linali la pa tebulo: kudziwa womenyana naye, liti, pa sikelo iti. Canelo Alvarez anamupeza ali ndi zaka 23, Pacquiao anamupeza mu 2015 pomwe anthu anayamba kuifuna nkhonyayo zaka zisanu m'mbuyomo. Sugar Ray Leonard anachitanso chimodzimodzi kwa Marvin Hagler mu 1987: anapempha bwalo lalikulu ndi maraundi 12, kenako n'kumawaza zibakera m'masekondi 30 omaliza a raundi kuti majaji akumbukire zimenezo. Akale nawo sanali oyera. Jack Dempsey sanamenyane ndi Harry Wills, ndipo Charley Burley anapuma osapatsidwa mwayi wa lamba chifukwa eni malamba ankamuzemba.

Ena awiri sindingawasiye. Azumah Nelson wa ku Ghana, amene ankamutcha Professor, analowa m'bwalo ndi Salvador Sanchez mu 1982 ali ndi nkhonya 13 zokha, atauzidwa mochedwa, ndipo anafika raundi ya 15. Mu 1991 Jeff Fenech anamupanikiza m'zingwe usiku wonse ku Las Vegas, majaji n'kunena kuti afanana, ambiri osagwirizana nazo. Nelson anavomera kukabwereza kwawo kwa Fenech, ku Melbourne, mu 1992. Anamulandira ndi lamanja akulowa, anamugwetsa m'raundi yoyamba, n'kumumaliza m'raundi yachisanu ndi chitatu. Winayo ndi Juan Manuel Marquez, yemwe anagwa katatu m'raundi yoyamba yokumana ndi Pacquiao mu 2004. Anatha zaka zisanu ndi zitatu ndi maraundi 42 akuphunzira kalowedwe ka munthu mmodzi, mpaka mu Disembala 2012, mphuno ikutuluka magazi, kutatsala sekondi imodzi kuti raundi yachisanu ndi chimodzi ithe, lamanja lake linakumana ndi Pacquiao akulumphira mkati.

Ngati mukufuna kufanizira mibadwo, fanizirani anthu awiri amene anapatsidwa funso lofanana. Mu Juni 1941 Billy Conn, wochokera m'gulu la light heavyweight, wopepuka kwa Louis ndi makilogalamu oposa khumi, anamuzunguza Louis ndi miyendo ndi manja achangu. M'raundi ya 12 anamudzandiritsa ndi left hook. Anali patsogolo pa makadi awiri, lachitatu lili lofanana, kutatsala maraundi atatu. Akanangopitiriza zomwe zinkamuyendera. Koma ataona Louis akudzandira, mtima unamuuza kuti angathe kumugwetsa. M'raundi ya 13 anaima n'kuyamba kusinthana naye zibakera, ndipo kutatsala masekondi awiri kuti belu lilire, woyimbira anali atamaliza kumuwerengera.

Patapita zaka 83, ku Riyadh mu Meyi 2024, Usyk, wochokera m'gulu la cruiserweight, wopepuka kwa Fury ndi makilogalamu pafupifupi 18, anapezeka pamalo omwewo. Pakati pa nkhonyayo Fury ankamupweteka ndi ma uppercut ndi zibakera za m'mimba. Usyk sanasinthe nkhope. Anapitiriza kuponda phazi lake lamanja kunja kwa phazi la Fury, dzanja lakutsogolo likugwedezeka osapuma, kumuopseza, kumukakamiza chimphonacho kuti chiziganiza ndi kusuntha sekondi iliyonse. M'raundi yachisanu ndi chinayi lamanzere linapeza malo, Fury anadzandira kuchoka chingwe china kupita china, woyimbira anamuwerengera, belu n'kulira. Kunatsala maraundi atatu, ndendende monga kwa Conn. Dziko lonse linkakuwa kuti amumalize. Usyk anatuluka m'raundi ya 10 n'kubwerera ku ntchito yomwe inamufikitsa pamenepo, osataya manja, osaiwala kuti munthu amene ali patsogolo pakeyo anadzukapo kwa Deontay Wilder aliyense atamuwerengera kuti watha. Majaji awiri mwa atatu anamupatsa nkhonyayo, mmodzi mwa iwo ndi pointi imodzi yokha.

Wina anganene kuti Louis anali womaliza munthu woopsa kuposa Fury, ndipo kuti zibakera zake za m'nthiti zinali zitayamba kale kumulemeretsa Conn miyendo. Ndikuvomera, ndipo chimenecho chinali chifukwa chinanso choti Conn asaime patsogolo pake. Manja achangu anali a Conn, koma pa maraundi atatu omalizawo Usyk anaganiza bwino kuposa iye.